Mmene mungadziwire ntchentche yomwe imakulira m'thupi mwa mbozi za chimanga

Mukamafukula nsonga za chimanga chomwe chadyedwa ndi mbozi, nthawi zina mumapeza ina ili phee, yosadya, yosathawa, khungu litayamba kufota. Ambirife timangoitswanya ndi chala n'kupita pa phesi lina. Komatu mwa mbozi zoterezi mumakhala zina zomwe zanyamula mdani wawo m'mimba, mphutsi za ntchentche ya m'banja lotchedwa Tachinidae. Mphutsizo zimadya mboziyo kuchokera m'kati mpaka kuipha, kenako zimatuluka n'kusanduka ntchentche zomwe zimakasaka mbozi zina.

Banjali ndi lalikulu zedi. Mitundu yomwe inalembedwa kale padziko lonse imaposa 8,000, ndipo mu Africa muno, kumwera kwa chipululu cha Sahara, ikuposa 1,000. Pano tikamba za zomwe zimagwira mbozi ya Spodoptera frugiperda, ija inachokera ku America n'kuoneka koyamba kumadzulo kwa Africa kumayambiriro kwa 2016. Ku Malawi inasautsa kwambiri moti mu December 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pangozi. Ena amangoitchula kuti ntchemberezandonda, ngakhale dzinali linali la mbale wake wakale, Spodoptera exempta, amene amayenda chigulu n'kumadya udzu ndi mbewu zomwe.

Ndinene kaye chinthu chimodzi kuti musataye nthawi. Ntchentche imeneyi simungaidziwe poithamangitsa m'munda. Ikatera patsamba imafanana ndi ntchentche ya kukhitchini, ndipo ngakhale mutaigwira simungadziwe kuti inakulira mwa yani. Njira yodalirika n'kutola mbozi, kuisunga, n'kuona chomwe chituluke.

1. Konzani ziwiya musanapite kumunda

Pezani timabotolo kapena timakapu ta pulasitiki toonekera m'kati, tonga ta chiponde kapena ta yogati, tosachepera 30. Titsukeni bwino ndipo tiume. Pakamwa pa kalikonse pafunika kansalu kopyapyala komanga ndi labala kapena mphira wa chubu cha njinga. Chitenje chakale chochapachapa chimagwira bwino ntchitoyi. Musadule neti ya udzudzu. Maneti ambiri amene amagawidwa kuchipatala ali ndi mankhwala ophera tizilombo, ndipo ntchentche yomwe mwaidikira masabata awiri idzafa isanatambasule n'komwe mapiko. Komanso maso a neti ndi aakulu, tintchentche tina tosafunika timadutsa.

Mufunikanso pensulo, kope, mapepala ofewa a tishu, mchenga wouma wosefa, ndi galasi lokuzira zinthu. Lokuza ka 10 ndi lokwanira poyambira. Ngati mulibe, kamera ya foni yokhoza kujambula chapafupi ikuthandizani pang'ono, koma siifika pa galasi.

2. Tolani mbozi yoyenera, m'munda woyenera

Sankhani munda womwe sunapoperedwe mankhwala posachedwa. Pitani m'mawa dzuwa lisanatenthe, ndipo musatole pamalo amodzi: yendani mokhotakhota kuchokera kumutu kwa munda mpaka kumchira, muzitenga pang'ono apa, pang'ono apo. Phesi lomwe lili ndi mbozi limadziwika ndi masamba obooka ndiponso ndowe zonga utuchi wonyowa m'kati mwa nsonga.

Tsimikizani kuti mboziyo ndi imene mukuiganizira. Ya Spodoptera frugiperda ili ndi chizindikiro chonga chilembo cha Y chozondoka pamutu, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda tomwe tapanga bwalo la ngodya zinayi. Kapuchi ndi wina, amaboola n'kukhala m'kati mwa phesi. Ngati mwatolanso kapuchi, musungeni padera n'kulemba kuti ndi kapuchi, chifukwa naye ali ndi ntchentche yake, Sturmiopsis parasitica, yomwe imasiya ana ake pa ndowe za pakhomo la una wake kuti alowe okha kukam'peza.

Tolani zikuluzikulu, zotalika kuyambira theka la chala chaching'ono kupita m'tsogolo. Ntchentchezi zimapezeka kwambiri mwa mbozi zomwe zakula. Zing'onozing'ono zikakhala ndi mdani m'mimba, nthawi zambiri zimatulutsa timavu.

3. Iyang'aneni pakhungu isanalowe m'botolo

Ikani mboziyo patsamba n'kuiyang'ana ndi galasi, makamaka pakhosi ndi kuseri kwa mutu, komwe kamwa lake silingafike. Mukaona tinthu toyera, tolimba, tozungulira motalikirapo, tomatirira pakhungu ngati timadontho ta penti, amenewo ndi mazira a ntchentche. Za mtundu wa Exorista zimaikira chonchi. Mwinanso muona kadontho kakuda kachilendo pambali pa thupi, kosagwirizana ndi madontho ena. Pamenepo m'pamene mphutsi inalowera, ndipo imasiya kumatako kwake pakabowo kameneko kuti izipuma mpweya wakunja uku mutu ukudya m'kati.

Koma mbozi yosalala khungu musaiyese kuti ilibe kanthu. Mbozi imafundula khungu pokula, zikhungwa za mazira n'kupita nalo limodzi. Mitundu ina ya ntchentchezi siikira n'komwe pambozi: imamwaza timazira tosaoneka ndi maso pamasamba, mbozi n'kumeza yokha ikamadya. Choncho sungani zonse, zooneka zodwala ndi zooneka zathanzi, koma lembani m'kope zomwe mwaona pa iliyonse.

4. Mbozi imodzi, botolo limodzi

Apa m'pomwe ambiri timalakwa. Mbozi zimenezi zimadyana. Ulendo wanga woyamba ndinaika khumi m'chitini chimodzi kuti ndisawononge mabotolo. Patatha masiku atatu munatsala zitatu zonenepa, ndipo sindinadziwenso kuti zina zinali ndi chiyani m'mimba.

Yalani katishu pansi pa botolo, ikani kachidutswa ka tsamba lanthete la chimanga, kenako mboziyo. Lembani nambala pabotolo, ndipo nambala yomweyo m'kope pamodzi ndi tsiku, mudzi, mbewu ndi msinkhu wa chimanga. Tsiku lililonse chotsani ndowe ndi tsamba lakale, muike latsopano. Tsambalo muzilitsuka ndi madzi oyera n'kulipukuta, chifukwa likhoza kubwera ndi mazira a ntchentche ochokera kwina, ndiye mudzaganiza kuti mbozi inagwidwa kumunda chikhalirecho yagwidwira m'nyumba mwanu.

Mabotolo akhale pamthunzi, podutsa mphepo. Mukaona thukuta m'kati mwa botolo ndiye kuti mwanyowa kwambiri, nkhungu ibwera. Mdani wina ndi nyerere. Ikani mabotolo pathebulo, miyendo yake muiimike m'zitini za madzi.

Mbozi ikasiya kudya n'kuyamba kuzungulirazungulira, ikufuna dothi. Thirani mchenga wouma wokwana masentimita atatu kapena anayi pansi pa botolo kuti ikumbe.

5. Dziwani chomwe chatuluka

Pano m'pofunika maso, chifukwa zotuluka m'mbozi n'zambiri ndipo zambiri mwa izo si ntchentche.

Mbozi yomwe ilibe mdani imasanduka chikwa chofiirira, chonyezimira, chosongoka kumchira. Mukachiyang'anitsitsa muona mizere ya mapiko ndi miyendo, ndipo mukachikhudza chimagwedeza mchira. Nyengo yotentha, pakatha masiku asanu ndi atatu kapena kupitirirapo pang'ono, mumatuluka gulugufe wotuwa wouluka usiku. Musataye chikwa chotere msanga poganiza kuti nkhani yatha, chifukwa ntchentche zina zimadikira mbozi isanduke chikwa kenako n'kutulukira m'menemo.

Mbozi yomwe ili ndi ntchentche imafooka, imada, kenako khungu limang'ambika n'kutuluka mphutsi yoyera, yonenepa, yopanda miyendo ndi mutu wooneka, yosongoka kutsogolo, yoduka kumbuyo. Ikhoza kukhala imodzi, zikhoza kukhala zingapo. Pasanathe tsiku khungu lake limauma n'kusanduka kachikwa kolimba kooneka ngati kambiya: kobulungira mbali zonse ziwiri, kosalala, kokhala ndi timizere tozungulira, kopanda ulusi ngakhale umodzi. Kamayamba kachikasu, kenako kofiira ngati njerwa, pomaliza koderapo. Kumapeto kwina kuli timatuza tiwiri takuda, mopumira. Kachikwa aka sikagwedezeka mukakakhudza. Nthawi zina muzikapeza m'kati mwa chikopa cha mbozi yakufayo, choncho musanataye mtembo ufinyeni pang'ono ndi kamtengo muone ngati muli cholimba.

Mukaona kachikwa koluka ndi ulusi woyera ngati thonje, ameneyo ndi mavu, monga a mtundu wa Cotesia. Kachikwa ka mawanga akuda ndi oyera kolendewera pa ulusi ndi ka mavu enanso, a Charops. Chinthu choyera chachitali ngati ulusi wosokera, chopindikapindika, ndi nyongolotsi. Mbozi youma gwa, yokutidwa ndi zoyera zomwe kenako zimabiriwira, yaphedwa ndi nkhungu. Zonsezi ndi abwenzi a mlimi, zilembeni, koma si zimene tikusaka.

Chenjezo lina: pali tintchentche ting'onoting'ono ta linunda, tothamanga modukizadukiza, ta banja la Phoridae. Timakonda kuikira pa mbozi yomwe yafa kale. Mukapeza timphutsi tambirimbiri tochepetsetsa pa mtembo wonunkha wa masiku angapo, ikayikireni nsalu yanu, mwina inali ndi pobooka.

6. Dikirani, ndipo ikatuluka musaiphe tsiku lomwelo

Siyani tizikwa pa mchenga, m'botolo lomwelo la nambala yake. Ngati kunja kwauma kwambiri, donthezani madzi pang'ono pa katishu n'kukaika pambali, osati pa tizikwa penipeni. Nyengo yotentha ntchentche imatuluka pakatha sabata imodzi kapena awiri.

Imatuluka pokankha chivindikiro cha kachikwa ndi kathumba kotupa komwe kali pachipumi. Mukaiona nthawi imeneyo mutha kuiyesa yolumala: yotumbuluka, yofewa, mapiko okwinyika. Isiyeni. Kathumbako kamabwerera m'mutu, mapiko amatambasuka, thupi limalimba n'kutenga mtundu wake weniweni. Ipatseni tsiku lathunthu, ngakhale awiri, pamodzi ndi kathonje konyowetsa ndi madzi a shuga. Ntchentche yophedwa ikadali yofewa imaphwa ngati nthudza youma, ndipo palibe katswiri angakuuzeni dzina lake.

Kuipha kosaiwononga n'kuika botolo lonse mufiriji, mbali youmitsa madzi, usiku umodzi. Kopanda magetsi, igwetsereni mu spiriti woyera wa kufamase.

7. Yang'anani malo anayi pathupi pake

Igwireni ndi kapini kapena muigoneke pa pepala loyera, pafupi ndi windo. Ngati n'kotheka, iphani ntchentche wamba ya m'nyumba n'kuiika pambali pake. Kuyerekeza ziwiri kumaphunzitsa msanga kuposa chithunzi chilichonse.

Yambani ndi mimba, chigawo chakumbuyo. Ya Tachinidae imakhala ndi ubweya wolimba, wautali, woima ngati minga, makamaka chakumatako. Ya m'nyumba ili ndi ubweya wofewa, wogona. Ichi chimakupatsani chikayikiro chabe, si umboni.

Chachiwiri, tinyanga ta kumaso. Pa kanyanga kalikonse pamera kaubweya kamodzi katali. Kwa ntchentche ya m'nyumba kaubweyako kali ndi nthambi mbali zonse ngati nthenga ya nkhuku. Kwa zambiri za Tachinidae, kuphatikizapo zomwe zimagwira mbozi za chimanga, n'kosalala ngati waya. Ndati zambiri, chifukwa zilipo zina za m'banjali zomwe zili ndi nthenga.

Chachitatu, m'nthiti. Yang'anani pambali pa chifuwa, pamwamba pang'ono pa malo omwe pamera mwendo wapakati ndi wakumbuyo. Payenera kukhala mzere wa minga ingapo yondondozana ngati mano a chipeso. Ntchentche ya m'nyumba ilibe mzere umenewu. Koma ntchentche zobiriwira zonyezimira zija za pa nyama zili nawo, ndiponso zotuwa za maso ofiira, za mizere itatu yakuda pamsana ndi mimba yonga bolodi la drafuti, za banja la Sarcophagidae. Zomalizazi n'zimene zimasokoneza anthu kwambiri.

Chachinayi ndicho chimagamula mlandu, ndipo chimafuna kuleza mtima. Kumapeto kwa msana, pakati pa pomwe pamera mapiko awiri, pali kachigawo konga chishango chaching'ono choloza kumbuyo. Tembenuzani ntchentcheyo kuti muione chammbali, n'kuyang'ana kunsi kwa kachishangoko. Mwina timapiko tiwiri toyera tonga mamba a nsomba, tomwe tili m'khwapa mwa phiko, tikutchingani. Tisuntheni pang'onopang'ono ndi nsonga ya pini. Ngati ntchentcheyo ndi ya Tachinidae, kunsi kwa kachishango muona kamtsamiro kotupa, kosalala, kopanda ubweya, moti ziwirizi zimaoneka ngati mlomo wam'mwamba ndi wam'munsi. Akatswiri amakatcha subscutellum. Kwa ya m'nyumba, yobiriwira ndi ya drafuti ija, malowa ndi ophwa kapena olowa m'kati. Tsiku loyamba mudzavutika kukaona, mwinanso mudzathyola mwendo umodzi kapena iwiri. Mukangokaona kamodzi, simudzakasowanso.

Kamtsamiro kalipo, mzere wa minga m'nthiti ulipo, ndipo ntchentcheyo yatuluka m'mbozi yomwe munaisunga nokha: lembani Tachinidae mosakayika.

8. Dzina la mtundu weniweniwo

Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anzanga ena omwe amangofananiza ndi chithunzi cha pa intaneti n'kulemba dzina lonse. Ofufuza anapeza ntchentche za mtundu wa Drino m'mbozi imeneyi m'maiko angapo a mu Africa: Drino quadrizonula ku Mozambique ndi ku Ghana, ndi ina yomwe inalembedwa kuti Palexorista zonata ku Ethiopia ndi ku Kenya. Mayina awiriwa asakusokonezeni, akatswiri ambiri amaika Palexorista pansi pa Drino. N'zotuwa ndi zakuda, zazikulu ngati ya m'nyumba kapena kuposerapo pang'ono, mimba yake ya mikwingwirima yotuwa ndi yakuda yopingasa, ndipo kawirikawiri zimatuluka zingapo m'mbozi imodzi. Ngati yanu ikuoneka chonchi, mpata ulipo woti ndi Drino. Koma za Tachinidae zotuwa ndi zakuda zilipo mazanamazana. Ndipo mukamawerenga za mboziyi mudzakumana ndi mayina ngati Archytas marmoratus ndi Lespesia archippivora. Amenewo ndi a kwawo ku America, musawamate pa ntchentche ya ku Dowa chifukwa choti chithunzi chafanana.

Wodziwa ntchitoyi amaika ntchentche pansi pa maikulosikopu n'kuwerenga minga umodziumodzi: ingati pamsana, ingati m'nthiti, m'mphepete mwa nkhope yakwera mpaka pati, diso lili ndi ubweya kapena ayi, mtsempha wa phiko wapindika motani. Pomaliza amatulutsa ziwalo zoberekera za yamphongo, poti m'menemo ndi momwe mitundu yofanana imasiyanira. N'chifukwa chake potumiza muzitumiza zingapo, kuti pakhale yamphongo.

Ngakhale akatswiriwo maso amawanamiza. Ku Costa Rica, m'nkhalango ya Guanacaste, ofufuza Daniel Janzen ndi Winnie Hallwachs pamodzi ndi anthu a m'deralo akhala akusunga mbozi m'matumba kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, njira yomweyi ya mbozi imodzi, nambala imodzi. Ntchentche za mtundu wa Belvosia zomwe anazipeza anazigawa ndi maso m'mitundu 20. Ataziyeza DNA, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2006 zinaonetsa mitundu 32, ndipo zina zomwe ankaziyesa mtundu umodzi wodya mbozi zosiyanasiyana zinapezeka kuti ndi mitundu ingapo, uliwonse ndi mbozi yakeyake. Chomwe chinawathandiza kumasula mfundoyi ndi kope lija, poti ntchentche iliyonse ankadziwa mbozi yomwe inatulukamo. Choncho inu lembani pomwe umboni wanu wafika: "Tachinidae, mwina Drino, yotuluka m'mbozi ya Spodoptera frugiperda". Zimenezo n'zokwanira, ndipo n'zoona.

9. Sungani, lembani, tumizani

Jambulani ntchentcheyo isanaume: kumsana, chammbali, kumaso, ndi phiko litatambasuka, pambali pali rula. Chithunzi chammbali ndicho chofunika kwambiri. Mukachiika pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti loikapo zithunzi za zamoyo, odziwa akhoza kukutsimikizirani banja, nthawi zina ndi mtundu waukulu womwe, monga Drino.

Kusunga kuli pawiri. Youma ndiyo akatswiri a ntchentche amaikonda, poti minga ndi mitundu zimakhala m'malo mwake: bayani pini yopyapyala pachifuwa, chakumanja pang'ono kwa mzere wapakati kuti mbali imodzi itsale yosawonongeka, muzike pa kachidutswa ka katoni m'bokosi lotseka bwino, muikemo ndi kambulu ka mankhwala a njenjete. Ina ndi ya mu spiriti woyera wa 70 peresenti. Yoti ikayezedwe DNA ikufuna wa 95 peresenti kapena kuposa. Spiriti wa pepo uja amadetsa. Kachasu ayi, ngakhale atakhala wa mutu, chifukwa mphamvu yake palibe amaiyeza.

Chikhungwa cha kachikwa ndi chikopa cha mbozi musataye, zikulungeni m'kapepala ziyende limodzi ndi ntchentche yake. Timatuza topumira tija timasiyana mtundu ndi mtundu, ndipo mutu wa mbozi umatsimikizira kuti inalidi iti. Kapepala ka chizindikiro lembani ndi pensulo, poti inki imasungunuka mu spiriti: boma, mudzi, tsiku lotola mbozi, tsiku lotuluka mphutsi, tsiku lotuluka ntchentche, mbewu, nambala ya botolo ndi dzina lanu. Kalowe m'kati mwa botolo momwemo, kapena kabayidwe papini yomweyo.

Werengeraninso kuti mwa mbozi zonse, zingati zinali ndi ntchentche. Ngati munasunga 40 ndipo 6 zinatulutsa mphutsi zake, ndiye 15 pa 100 zilizonse. Muziwerenga mbozi, osati ntchentche: mbozi imodzi ikatulutsa zinayi, imawerengedwabe imodzi. Zofa ndi nkhungu kapena zosadziwika chozipha zikhale pamzere wawo.

Bokosi ndi kope pitani nazo kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu, muwapemphe kuti azifikitse kwa odziwa za tizilombo ku malo ofufuzira zaulimi monga Chitedze kapena Bvumbwe, kapena ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR ku Bunda. Kopelo likoperenitu, inu mutsale ndi lanu.

Ntchentche zotsala, zomwe simukuzifuna posunga, katsegulireni m'munda womwe munatola mbozi zija, m'mawa kapena chakumadzulo, tsiku lomwe simukupopera mankhwala. Agulugufe otuwa aja okha ndiwo asatuluke amoyo.